Galimoto ya m'pepala ikuzima panjira, akampani akungoti "tikuimbirani"

Funso: Ndinagula galimoto yatsopano, ya m'pepala, miyezi isanu yapitayo pa ngongole ya kubanki. Isanathe miyezi iwiri inayamba kufooka mwadzidzidzi ili pa liwiro, nyali ya injini n'kuyaka, nthawi zina n'kuzimiratu. Ndikaizimitsa n'kuilizanso imayenda bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndapita nayo katatu kumene ndinaigula. Ulendo woyamba anati sanapeze vuto, wachiwiri anati asintha pulogalamu ya kompyuta yake, wachitatu inakhalako masabata atatu kudikira sensa. Sabata yatha yazimanso ndili ndi ana anga. Ku ofesi yothandiza makasitomala ya kampani imene inapanga galimotoyi amangondipatsa nambala ya dandaulo n'kunena kuti andiimbira, koma saimba. Ndine mayi amene ndimadalira galimotoyi pa ntchito, ndipo ndatopa. Kodi ndisiye kulipira ngongole? Ndipite nayo kwa makaniko wanga? Kapena ndingoigulitsa?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri. Mafunso anu atatuwo ndiyankhiretu: ngongole musasiye kulipira, makaniko wanu asamasule ngakhale bawuti imodzi, ndipo kugulitsa kudikire kaye. Zifukwa zake ndifikako. Koma chimene chakusowetsani mtendere miyezi yonseyi si chimodzi mwa zitatuzi. Mwakhala mukulimbana ndi nkhaniyi pakamwa ndi pafoni, pamene nkhani zotere zimatha ndi zolembedwa. Ndipo nthawi ili kumbali ya akampaniwo, osati yanu.

Tiyambe ndi ana aja. Galimoto yozima ili pa liwiro si galimoto yovuta chabe, ndi galimoto yoopsa. Injini ikazima, pa magalimoto ambiri mphamvu yothandizira mabuleki imatsala yoti muponde kangapo kokha, kenako pedo imauma gwa, ndipo chiwongolero chikhoza kulemera panthawi imene mukufuna kuthawira kumbali kwa msewu. Mbiri ya magalimoto ili ndi phunziro lowawa pa zimenezi. Mu 2014 kampani ya General Motors inaitanitsa magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni chifukwa cha kachipangizo kolowetsamo kiyi kamene kankatembenuka kokha n'kuzimitsa injini galimoto ikuyenda, ma airbag n'kulephera kutseguka pa ngozi. Thumba la chipepeso limene kampaniyo inakhazikitsa linavomereza imfa za anthu 124. Chomvetsa chisoni n'chakuti vutolo linkadziwika kale. Mu 2005 anali atatumiza kale uthenga kwa ogulitsa magalimoto awo wolangiza kuti eni magalimoto azichotsa zinthu zolemera pa makiyi, ndipo m'kampanimo kuzimako ankakutenga ngati chinthu chongosowetsa kasitomala mtendere, osati choika moyo pachiswe. Ndakuuzani izi kuti mudziwe kuti dzina limene vuto lapatsidwa papepala ndi limene limasankha desiki imene pepalalo likafikire. Kuyambira lero musamanene kuti "galimoto ikundivuta". Muzilemba kuti "injini ikuzima galimoto ili pa liwiro, ndipo zimenezi zikuika moyo wanga ndi wa ana anga pangozi." Mukatha kupewa kuiyendetsa, makamaka m'misewu yothamanga, pewani, ndipo pemphani mwa kulemba kuti akubwerekeni ina pamene yanu ili kwa iwo.

Tsopano mawu aja akuti "sitinapeze vuto". Ndinagwirapo ntchito kuseri kwa kauntala yolandirira magalimoto pa galaja ya ogulitsa, choncho ndikuuzeni mmene zimakhalira. Ntchito ya waranti, lonjezo la kampani lokonza ulere galimoto yatsopano ikavuta, salipira ndinu, amalipira ndi kampani yopanga galimoto, ndipo imalipira motsatira buku lake la nthawi: kusintha chakuti ndi mphindi zakuti, kusintha chakuti ndi maola akuti. Kuti galaja ilandire ndalamazo imayenera kusonyeza vuto limene yapeza, kawirikawiri khodi ya vutolo (nambala imene kompyuta ya galimoto imalemba ikaona vuto) ndi chipangizo chakale chimene yachotsa. Makaniko akatha tsiku lonse akusakasaka vuto lobwera n'kupita, osalipeza, nthawi zambiri tsikulo palibe amene amalilipira mokwanira. Ndiye chimachitika n'chiyani? Amalumikiza makina oyezera, amawerenga makhodi, amawafufuta, amazungulira nayo mphindi zochepa, galimoto n'kuyenda bwino, iye n'kulemba kuti palibe vuto. Sikuti onse ndi achinyengo ayi. Ambiri ndi amisiri abwino amene akugwira ntchito m'dongosolo limene limapereka mphotho kwa wosintha zipangizo, osati kwa wofufuza.

Kufooka kumene mukunenako kuli ndi dzina lake, amati limp mode. Kompyuta ya injini ikalandira uthenga wosamveka kuchokera ku sensa ina, imachepetsa dala mphamvu pofuna kuteteza injini ndi giyabokosi. Mukazimitsa n'kulizanso, kompyutayo imayambiranso kuyeza, ndipo ikapeza kuti pa nthawiyo zonse zili bwino imabwezeretsa mphamvu. N'chifukwa chake mukafika pa galaja galimoto imakhala ngati yangotuluka kumene m'fakitale. Koma siiwala. Imasunga khodi, ndiponso imasunga chithunzi cha mmene zinthu zinalili pa mphindi imene vuto linachitika: liwiro, kutentha kwa injini, kuzungulira kwake. Amisiri amachitcha freeze frame. Umenewo ndi umboni wanu, ndipo nthawi iliyonse imene wina wafufuta makhodi asanawasindikize papepala, wakufufutirani umboni.

Mchitidwe wouza kasitomala kuti "tisonyezeni vutolo pompano" unafikapo kukhoti. Mu 2018 khoti la Federal Court ku Australia linalamula Ford ya m'dzikolo kulipira chindapusa cha madola a ku Australia 10 miliyoni chifukwa cha mmene inachitira ndi madandaulo a eni magalimoto a Focus, Fiesta ndi EcoSport okhala ndi giyabokosi ya PowerShift, pakati pa 2015 ndi 2016. Bungwe loteteza ogula la ACCC, limene linasumira mlanduwo, linafotokoza kuti kampaniyo inkadziwa kuti vutolo limabwera n'kupita, komabe inkafuna kuti makasitomala alisonyeze pamaso pa ogulitsa kuti akonzeredwe, ndipo ambiri ankauzidwa kuti kunjenjemera kwa galimoto kukuchokera ku kayendetsedwe kawo. Choncho wina akadzakuuzani kuti mwina ndinu amene simuyendetsa bwino, kapena kuti "zonse za mtundu umenewu zimatero", mumuuze modekha kuti alembe zimenezo pa job card, pepala la ntchito limene galaja imalemba polandira galimoto, n'kusainira. Mudzaona kuti ndi ochepa amene amalimba mtima kulemba.

Ndiye ntchito yanu yoyamba ndi kulichititsa vutolo kuoneka kwa munthu amene sanakhalepo m'galimotomo. Khalani ndi kabuku. Nthawi iliyonse ikafooka kapena kuzima, lembani tsiku, nthawi, makilomita amene ikusonyeza, liwiro, ngati injini inali itatentha kapena ayi, ngati kunali mvula, ngati munali pachitunda, ngati munali mutangodutsa pa mabampu, mafuta anali ochuluka bwanji m'thanki. Zikuoneka ngati zachabe, koma kwa mmisiri wodziwa ntchito yake mizere imeneyi imaposa makina. Vuto lobwera mukadutsa pa mabampu limaloza ku pulagi yosagwira bwino kapena waya wokhudzana ndi chitsulo. Lobwera injini ikatentha limaloza ku sensa kapena koyilo yofooka ndi kutentha. Lobwera pachitunda kapena popitirira galimoto ina limaloza ku mafuta osafika mokwanira kapena ku turbo. Mukaima pamalo abwino, jambulani vidiyo ya dashibodi musanazimitse, nyali zonse ndi makilomita zikuoneka. Musajambule mukuyendetsa, ngati muli ndi mnzanu m'galimoto, ajambule ndi iyeyo.

Pali kachipangizo kakang'ono kowerengera makhodi kamene kamalowa pa soketi ya OBD, imene imakhala pansi pa chiwongolero, n'kumatumiza zimene kawerenga ku foni. Soketi imeneyi inakhala yokakamiza pa magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndipo masiku ano pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ili nayo. Kuwerenga sikuwononga kanthu. Werengani, jambulani, koma musadine pofufuta. Makhodi amene amayamba ndi chilembo P amakhudza injini ndi giyabokosi. Oyamba ndi U amanena kuti makompyuta a m'galimotomo asiya kumvana, ndipo amenewa akachuluka nthawi imodzi ine sindithamangira kukayikira sensa. Ndimayamba ndayeza batire, mawaya opita ku bodi ya galimoto ndi mapulagi. Batire yofooka pang'ono chabe imatha kuyatsa nyali zisanu zosagwirizana. Apa ndikungoganizira patali, poti galimoto yanu sindinaione, koma kubwerera kwa vuto pambuyo posintha sensa kumandiuza kuti mwina sensa yakale inali yosalakwa, inangonenedwa ndi khodi. Khodi imanena dera limene uthenga wasokonekera, sinena kuti chawonongeka ndi chiyani.

Pa ulendo wotsatira musangosiya makiyi n'kumapita. Pemphani kukwera ndi kapitawo wa amakaniko, mumutengere mumsewu wofanana ndi umene vuto limakonda kubwerera. Pemphani kuti aike kachipangizo kojambulira zochitika m'galimoto kwa masiku angapo mukuiyendetsa; magalaja ena a ogulitsa ali nako, kungoti sakatulutsa popanda wofunsa. Ndipo funsani funso ili ndendende: "Kodi mwatsegula fayilo ku dipatimenti ya zaumisiri ya kampani yopanga galimotoyi, ndipo nambala yake ndi chiyani?" Nambala imeneyi ndi yosiyana ndi ija mumapatsidwa pafoni. Iyi imafika kwa mainjiniya.

Za job card ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaluzira mlandu asanauyambe. Pepala limeneli ndi limene khoti, loya kapena bungwe loteteza ogula lidzawerenge. Wolandira galimoto amakonda kufupikitsa: inu mwanena kuti injini inazima muli pa liwiro, iye n'kulemba kuti "onani nyali ya injini". Ulendo wina n'kulemba kuti "kasitomala akuti mphamvu yachepa". Ulendo wachitatu, "sinthani sensa". Tsiku la mlandu adzakuuzani kuti awa ndi mavuto atatu osiyana, lililonse linakonzedwa kamodzi. Pamene malamulo ambiri amawerenga kuti vuto limodzimodzi layesedwa kukonzedwa kangati. Choncho lembani dandaulo lanu kunyumba, m'mawu omwewo nthawi zonse, mukapereke kuti alembe momwemo kapena aliphatike ku job card. Musasaine musanawerenge. Potenga galimoto, musachoke opanda pepala losonyeza tsiku imene inalowa, tsiku imene yatuluka, makilomita polowa ndi potuluka, makhodi amene anapeza ndi zipangizo zimene asintha. Adzati palibe lisiti poti simunalipire kanthu. Auzeni kuti mukufuna pepala la ntchito ngakhale ndalama yake ikhale ziro. Makilomita olowera ndi otulukira ali ndi ntchito inanso: akalemba kuti anaiyesa mumsewu koma nambala sinasinthe, mwadziwa. Mapepala a maulendo atatu apitawo mukawatenge sabata ino, nkhani isanatenthe, anthu akadali okumwetulirani.

Nanga aja osaimba foni aja? Musawakwiyire kwambiri, ndipo musawayembekezerenso. Munthu amene amayankha pa nambala yothandizira makasitomala nthawi zambiri sagwira n'komwe ntchito ku kampani yopanga galimotoyo; ndi wa kampani ina yolembedwa ganyu yoyankha mafoni. Ali ndi mawu olembedwa kale oti aziwerenga, amayezedwa ndi kuchuluka kwa mafoni amene watseka, ndipo alibe mphamvu yosintha galimoto kapena kubweza ndalama. Dandaulo lanu amalitumiza ku galaja yomwe ija, galajayo n'kuyankha kuti "tinakonza", fayilo n'kutsekedwa. Mukaimbanso mumapeza munthu wina n'kuyambiranso nkhani pachiyambi. Amene ali ndi mphamvu ndi ena: bwana wamkulu wa kampani imene inakugulitsani, woyang'anira ntchito za waranti m'chigawo amene amaimira opanga galimoto, ndi maloya awo. Anthu amenewa foni sawafika. Kalata imawafika. Mukalankhulabe ndi wina pafoni, tsiku lomwelo tumizani imelo yachidule yonena kuti lero nthawi yakuti ndinalankhula ndi uje, anandilonjeza chakuti pofika tsiku lakuti. Akapanda kutsutsa, mawu a pakamwa aja asanduka umboni.

Chinthu china chimene sakuuzani n'chakuti muli ndi zitetezo ziwiri zosiyana. Choyamba ndi waranti, lonjezo limene kampani inalemba yokha, ndipo pafupifupi nthawi zonse limangolonjeza kukonza. Chachiwiri ndi lamulo la dziko loteteza ogula, limene m'maiko ambiri limati katundu ayenera kukhala wabwino ndi woyenera ntchito imene anagulidwira, ndipo waranti singalifafanize. Akamakuuzani kuti "ndondomeko yathu ndi kukonza basi", akunena za choyambacho n'kukhala chete pa chachiwiri.

Simunandiuze dziko limene muli, choncho ndikupatseni zitsanzo kuti muone mmene malamulowa amayendera, kenako mufufuze la kwanuko. Ku United Kingdom, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula masiku 30 oyambirira oti akhoza kubweza katundu wolakwika n'kulandira ndalama zake zonse. Masikuwo akadutsa, wogulitsa amapatsidwa mpata umodzi wokonza kapena kusintha, ndipo zikakanika wogula akhoza kukana galimotoyo. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kuyambira tsiku logula, ndipo ndi wogulitsa amene ayenera kutsimikiza kuti sizinali choncho. Ku South Africa, gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limati m'miyezi isanu ndi umodzi wogula ndi amene amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama, ndipo katundu akakonzedwa vuto n'kubweranso pasanathe miyezi itatu, wogulitsa ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. M'maiko a European Union chitetezo cha lamulo ndi cha zaka zosachepera ziwiri. Ku America kuli malamulo otchedwa lemon law, amene boma la Connecticut linayamba kukhazikitsa mu 1982. La ku California limati ngati m'miyezi 18 kapena mamailosi 18,000 oyambirira vuto loika moyo pangozi layesedwa kukonzedwa kawiri, kapena vuto lina lililonse kanayi, kapena galimoto yakhala m'galaja masiku opitirira 30 onse pamodzi, zimatengedwa kuti kampani yapatsidwa mpata wokwanira ndipo yalephera.

Mwaona zimene malamulowa akuwerenga: miyezi, maulendo, masiku a m'galaja. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma wa galimoto umawola, ndipo umawola msanga. Inu muli pa mwezi wachisanu. Ngati lamulo la kwanu lili ndi malire a miyezi isanu ndi umodzi, "tikuimbirani" wina mmodzi akhoza kukudutsitsani malirewo, ndipo pambuyo pake mtolo wotsimikiza kuti vuto ndi la kufakitale ukhoza kugwera inu. Muonenso kuti wokamusumira amasiyana. M'maiko ambiri mgwirizano wanu uli ndi amene anakugulitsani, osati fakitale, pamene ma lemon law a ku America amaloza kwa wopanga. Ogulitsa ndi opanga amakonda kuponyerana mpira. Njira yothetsera masewerawo ndi kulembera onse awiri kalata imodzi, aliyense akuona kuti mnzake walandiranso.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yopanda ukali, yopanda mbiri ya mmene mwavutikira mumtima, ngakhale ndikudziwa kuti mwavutika. Pamwamba pakhale dzina lanu, mtundu wa galimoto, nambala yozindikirira galimotoyo yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, tsiku logula ndi makilomita. Kenako vuto m'chiganizo chimodzi, chija cha kuzima pa liwiro. Kenako masiku amene inalowa ndi kutuluka m'galaja ndi zimene anachita ulendo uliwonse, ndi tsiku limene vuto labweranso. Pomaliza chimene mukufuna, chimodzi chokha, ndi tsiku limene mukufuna yankho lolembedwa. Masiku 14 ndi okwanira. Tchulani lamulo la kwanu ndi kumene mudzapite akapanda kuyankha. Itumizeni pa imelo komanso m'njira imene wolandira amasainira. Makope a job card aphatikeni, enieniwo musunge.

Chimene mukufunacho muganizire bwino, chifukwa kalata yongoti "chitanipo kanthu" imayankhidwa ndi kukonza kwachinayi. Mukanakhala kuti mwapitako kamodzi, ndikanati apatseni mpata. Koma maulendo atatu, masabata atatu m'galaja, vuto lokhudza moyo, galimoto ya miyezi isanu: ine ndikanapempha kubwezeredwa ndalama kapena kupatsidwa ina yatsopano, ndipo pa ziwirizi ndikanasankha ndalama ngati zikuoneka kuti vutoli lili pa magalimoto ambiri a mtundu umenewu. Akaumirira kuti akufuna kuyesa komaliza, ndipo malamulo ena amawapatsadi mpata umenewo, vomerani mwa kulemba kuti uku ndi komaliza, kuti pakhale injiniya wa kampani yopanga, ndiponso kuti kuvomera kwanu sikukuchotserani ufulu wokana galimotoyo.

Kuti mudziwe ngati vutoli lili ndi anzake, fufuzani ndi VIN yanu ngati pali recall, kumene ndi kuitanitsa magalimoto kuti akakonzedwe ulere chifukwa cha vuto la chitetezo. Ku America bungwe la NHTSA lili ndi tsamba la pa intaneti lofufuzirapo, ndipo limaikanso poyera mauthenga a zaumisiri amene makampani amatumizira magalaja awo, otchedwa technical service bulletin, pamodzi ndi madandaulo a eni magalimoto. Ngati mtundu wa galimoto yanu umagulitsidwanso kumeneko, mukhoza kupeza kuti vuto limene akuti sanalionepo lili ndi uthenga wake kale. Perekaninso dandaulo lanu ku bungwe loona za chitetezo cha magalimoto kwanuko. Ma recall ambiri amayamba ndi madandaulo ofanana ochokera kwa anthu osadziwana.

Tibwerere ku ngongole. Ngati munabwereka ndalama kubanki n'kukagula nokha, mgwirizano wa ngongole ndi wosiyana ndi wa galimoto. Mukasiya kulipira, banki idzaonjezera chiwongoladzanja, idzaipitsa dzina lanu kwa obwereketsa ena, ndipo ikhoza kulanda galimotoyo n'kuigulitsa motchipa inu n'kutsala ndi ngongole, umboni wanu utapita. Amene anakugulitsani sadzamva kuwawa kulikonse, poti ndalama zawo analandira kalekale. Koma werengani mgwirizanowo. Ngati ndi wa mtundu umene kampani ya ngongole ndiyo mwini galimoto mpaka mutamaliza kulipira, m'maiko ena monga United Kingdom kampaniyo ndiyo imatengedwa ngati yokugulitsani, ndipo dandaulo limapita kwa iyo. Mulimonsemo, atumizireni kope la kalata ija. Sungani malisiti a zonse zimene vutoli lakuonongetsani: kukoka galimoto, kubwereka ina, mayendedwe a masabata atatu aja.

Makaniko wanu akhoza kukhala waluso kuposa onse a pa galajapo, koma akangodula waya kapena kusintha chipangizo mwawapatsa chonamizira chimene akhala akuchisowa. Musaikenso alamu, wailesi kapena chilichonse cholumikiza ku mawaya a galimoto panopa, ndipo ngati munaikitsa kale chotere kwina, dziwani kuti adzayamba kuloza chimenecho. Sevisi ipitirire pa nthawi yake, malisiti musunge. Chimene munthu wakunja angakuchitireni ndi kuyeza ndi kulemba lipoti osamasula kanthu. Nkhani ikafika kwa oweruza, lipoti la injiniya wodziimira payekha wokhala ndi mapepala ake limalemera kwambiri kuposa mawu anu kapena anga.

Kalata ikagwira ntchito adzabwera ndi zopereka, ndipo apa mpofunika maso. Choyamba chimakhala sevisi yaulere kapena kuwonjezera zaka za waranti. Zimenezo n'zabwino pa galimoto imene yakonzekadi. Pa imene ikuzimabe, akungokulonjezani maulendo ena a ku galaja. Chachiwiri, chimene chimakola anthu ambiri, ndi chakuti "bweretsani yanuyo tikupatseni ina, mungowonjezera pang'ono". Kumeneko si kusinthiridwa. Akugula galimoto yanu pa mtengo wa yogwiritsidwa kale ntchito, akugulitsani ina, apeza phindu kawiri, ndipo ngongole yanu yakula. Mukabwezeredwa ndalama, yembekezerani kuti adzachotsapo kena chifukwa cha makilomita amene mwayenda, poti malamulo ambiri amalola zimenezo, koma funsani mmene awerengera. Ku California amatenga mamailosi amene galimoto inali itayenda pamene inapita koyamba kukakonzedwa vutolo, kugawa ndi 120,000, n'kuchulukitsa ndi mtengo wogulira. Mfundo yake ndi yabwino kuigwiritsa ntchito pokambirana kulikonse: kuwerenga makilomita kulekezere pa tsiku limene vuto linayamba, osati lero, chifukwa miyezi imene mwakhala mukuyenda ndi mantha si yoti mulipire ngati munasangalala nayo. Pepala lililonse lonena kuti nkhani yatheratu, kapena loti simudzauza munthu, musasaine tsiku lomwelo. Pitani nalo kunyumba, ndipo ola limodzi la loya pa pepala limenelo si ndalama yotaya.

Akakhala chete kapena akakana, musathamangire kukhoti musanaone njira zapafupi. Maiko ena ali ndi ofesi yoweruza madandaulo a magalimoto, monga Motor Industry Ombudsman of South Africa kapena The Motor Ombudsman ku United Kingdom, ndipo ambiri ali ndi bungwe la boma loteteza ogula limene limalandira madandaulo popanda kulipiritsa. Onsewa funso lawo loyamba ndi lakuti kodi munawalembera, ndipo anayankha chiyani. Zolemba pa Facebook kapena pa X nthawi zina zimadzutsa ofesi imene inagona, sindikana. Koma lembani zokhazo zimene muli ndi pepala lake, masiku ndi zochitika, osatchula munthu kuti wakuba kapena wabodza, kuopa kuti mlandu wa galimoto ungabale wina woipitsa mbiri. Ndipo muchite zimenezo tsiku la m'kalata lija litadutsa, osati lisanafike.

Kugulitsa ndakuika kumapeto chifukwa ndi njira imene inu nokha mumasenza zotayika zonse. Galimoto imagwa mtengo kwambiri m'chaka choyamba, ndipo n'kutheka kuti ndalama imene mungapeze singakwane kutseka ngongole. Mukagulitsa, ufulu wokana galimotoyo wapita nayo limodzi. Komanso simungaigulitse kwa munthu wina osamuuza kuti imazima pa liwiro. Iyenso ali ndi ana, ndipo lamulo likhoza kukutsatani. Ngati njira zonse zitakanika n'kufika poti mtendere wanu ukuposa ndalamazo, igulitseni kwa ochita malonda a magalimoto mutawauza vutolo mwa kulemba, kope n'kusunga. Koma musanafike kumeneko, mawa m'mawa pitani mukatenge ma job card atatu aja, ndipo kalata ituluke sabata ino, mwezi wachisanu ndi chimodzi usanakwane.